Mwana ndi wa Amake: Nyimbo za Amayi m'Dziko la Ansenga

Munthu akanyamuka ku Lusaka, m'dziko la Zambia, pa msewu wa Great East Road, amayenda makilomita opitirira 200 asanafike pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968. Akangowoloka ndiye kuti walowa m'chigawo cha Kum'mawa, ndipo msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri a dziko la Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba lomwe kale linali mbali ya Petauke. M'mphepete mwa msewu mumandanda matumba a makala. Kutsogolo, kudutsa Kacholola mpaka pa Nyimba, ndi kumene amayi amathamangira basi iliyonse atasenza nthochi. Pa timisika timeneti masipika sapuma. Zimene zimalira ndi nyimbo za ku Lusaka ndi ku Copperbelt zomwe anyamata amapatsirana pa foni, ndipo zambiri mwa izo ndi hip hop.

Oimba hip hop amadziwika ndi kudzitama: za ndalama, za galimoto, za mnzawo amene amugonjetsa pa mawu. Koma pali malo amodzi pamene ngakhale wolusa kwambiri amatsitsa mawu, ndipo ndi pamene akuimbira amake. Ambiri amati mwambo umenewu unachokera ku America. Kaimbidwe kake kanachokeradi kumeneko. Koma m'dziko ngati la Nyalugwe unapeza nthaka yolimidwa kale, chifukwa kuno nkhani ya mayi ndi mwana inali m'nyimbo kalekale magitala ndi makompyuta asanafike. Chimene chinasintha ndi amene akuimba ndi amene akumvetsera.

Ansenga ndi anthu otsata kuchikazi. Pa mwambo wakale mwana amawerengedwa m'fuko la amake, ngakhale masiku ano kaundula wa sukulu ndi chitupa zimakonda kulemba dzina la bambo. Mnyamata akakwatira ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi, kukalimira apongozi monga mkamwini. Banja likatha, iye ankatola khasu, nkhwangwa ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Mlandu wa mwana ankaukamba ndi amalume ake, amene ankayang'anira mbumba. Ufumu nawo umayenda njira yomweyo: wolowa m'malo mwa mfumu amachokera kwa mlongo wake, osati mwana wobala yekha. Ndi mmene zilili kwa Nyalugwe, kwa Luembe, kwa Ndake, ndi kwa Kalindawalo, mfumu yaikulu ya Ansenga imene imachititsa mwambo wa Tuwimba ku Petauke m'mwezi wa October. Mipando ina, monga ya Mwape, Nyanje ndi Mwanjawanthu, yakhala m'manja mwa amayi enieniwo.

M'dziko lotere mayi sanali munthu womumvera chisoni. Munda, mudzi ndi dzina zonse zinkadzera mwa iye.

Umboni waukulu wa mphamvu imeneyi unabwera ndi nkhondo. Mu November 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chakufupi ndi Zumbo, tsiku limene kunachita kadamsana, ndipo anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto. Cha m'ma 1860 ndi 1870, gulu la Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, linabwereranso kum'mwera ndi kukhazikika. Ankhondo ake anagwira akazi ambiri a Chinsenga n'kuwasandutsa akazi awo. Angoni ankatsata kuchimuna, ndipo ana obadwa m'mabanja amenewo anali a bambo, a ng'ombe ndi a chishango. Komabe mwana amaphunzira kulankhula ali kumsana. Patangodutsa mibadwo iwiri kapena itatu, chilankhulo chimene ankhondo aja anabwera nacho kuchokera kum'mwera chinazilala m'makomo. Pamene katswiri wa chikhalidwe J.A. Barnes ankafufuza za Angoni a ku Fort Jameson (Chipata ya lero) m'zaka za m'ma 1940, Chingoni chakale chinali chitatsalira makamaka m'nyimbo ndi m'mawu otamanda mafumu. Mpaka lero, pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, nyimbo zimasunga mawu akale aja, koma anthu akabwerera kunyumba amalankhula chilankhulo chimene tsinde lake ndi Chinsenga. Amayi ogwidwa aja sanalembedwe maina m'buku lililonse, koma ndiwo anasankha mawu amene adzukulu a ogonjetsa awo akulankhula.

Ndipo amayiwo ankaimba. Malo awo aakulu oimbira anali pamtondo. Kusinja chimanga ndi mapira ndi ntchito ya maola ambiri, ya akazi awiri kapena atatu osinthana minsi, ndipo kugunda kwa munsi kumapereka kale mayendedwe a nyimbo. Pamenepo mkazi ankapeka mawu ake. Ankatha kudzudzula mwamuna waulesi, mpongozi wolongolola kapena mkazi mnzake wa pamitala, osatchula dzina, koma mudzi wonse n'kudziwa amene akunenedwa. Nkhani yoimbidwa pamtondo sinkasanduka mlandu pabwalo. Katswiri wa ku Malawi Enoch Timpunza Mvula, amene anafufuza nyimbo zotere m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti zinali njira imene akazi ankayendetsera mikangano ya m'banja ndi ya m'mudzi. Womvetsera hip hop sangavutike kuzindikira zimenezi: kugunda kokhazikika, mawu opekedwa pomwepo, kulasa mdani mophiphiritsa, ndi gulu lovomera.

Mutu umodzi wobwerezabwereza m'nyimbo za akazi unali kulira amayi. Mkazi wotengedwa kupita kwawo kwa mwamuna, kapena amene amake anamwalira, ankaimba za kusowa pothawira. Panalinso nyimbo zotonthoza mwana, za kuchinamwali zimene anamkungwi ankalangira nazo atsikana, za gule wa nsongwe ndi chimtali, ndi za m'nthano za madzulo mmene mwana wamasiye amazunzika m'manja mwa mayi womupeza. Mwana wa Chinsenga ankakula akumva kuti tsoka lalikulu padziko ndi kukhala wopanda amake.

Koma mwana wamwamuna sankaimirira pagulu kuuza amake kuti amawakonda. Ulemu wa kumudzi unali ndi kamtunda kake. Mnyamata akasinkhuka ankatuluka m'nyumba ya makolo kukagona kugowelo, ndipo kuchipinda kwa amake sankalowanso. Chikondi chake chinkaoneka pofolera denga, pomanga nkhokwe, pobweretsa nyama kapena nsomba za mu Luangwa. Pakamwa panalibe zambiri.

Chimene chinatsegula pakamwa pa anyamata chinali ulendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chigwa cha Luangwa chinali chitavutika kale ndi Achikunda ochokera ku Zumbo ndi Feira, otsogozedwa ndi anthu ngati Kanyemba ndi Matakenya, amene ankasaka minyanga ndi akapolo. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo pasanapite nthawi kunabwera msonkho wa nyumba. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama m'midzi ya kuchigwa munalibe. Amuna anayamba kuyenda pansi kulowera kum'mwera, kuwoloka Zambezi pa Feira, kupita ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia monga Shamva, ena mpaka ku Salisbury ndi ku Joni. Migodi ya mkuwa itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, njira ina inalunjika ku Copperbelt. Ena ankabwerako ndi bulangeti, nsalu ya amayi ndi njinga. Ena sanabwerenso, n'kusanduka matchona. M'midzi munatsala amayi, agogo ndi ana, ndipo nyimbo za pamtondo zinadzaza ndi maina a mizinda imene oimbawo sanaionepo.

Mnzake wa mnyamata wa paulendo anali kalimba, kachipangizo ka timano tachitsulo koimbidwa ndi zala zazikulu ziwiri. Mu 1961 katswiri wa nyimbo John Blacking anafika m'boma la Petauke pamodzi ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute, ndipo anajambula nyimbo za m'midzi ya Ansenga. Blacking anaona kuti anyamata ankaimba kalimba akamayenda kapena akakhala okha. Atasanthula nyimbozo anapeza kuti chimene chinkazigwirizanitsa sichinali kukwera ndi kutsika kwa mawu, koma kasinthanidwe ka chala chamanja ndi chamanzere, chilichonse ndi kugunda kwake. Analemba zimenezi m'magazini ya African Music chaka chomwecho, n'kudzazibwerezanso m'buku lake lotchuka la 1973, How Musical Is Man? Chofunika pa nkhani ino n'chakuti kalimba inali nyimbo ya munthu mmodzi. Sinkafuna ng'oma, bwalo kapena ovomera. Inapatsa mwamuna malo odandaulira payekha, kutali ndi maso a anthu.

Mipingo inawonjezera mawu ake. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr, m'dera la Nyimba, mu 1914, ndipo Akatolika anamanga Minga m'zaka za m'ma 1920. Sukulu ndi nyimbo za m'tchalitchi zinali m'Chinyanja, pamene kunyumba kunali Chinsenga. Ana a dera lino anakula ndi malilime awiri oyandikana, ndipo popita m'tauni ananyamula onse. Chinyanja cha ku Lusaka, chimene oimba ambiri a lero amaimbira, chinaphikidwa m'makomboni kuchokera ku Chichewa, Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, ndipo khutu la Mnsenga limamva mawu akwawo mmenemo.

Wailesi ndiyo inalumikiza mwana wa m'tauni ndi mayi wa kumudzi. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Service, inkalankhula m'zilankhulo za anthu. Pulogalamu yake yokondedwa kwambiri inali Zimene Mwatifunsa, mmene anthu ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale akutali. Alick Nkhata, amene anagwirapo ntchito ndi wojambula nyimbo Hugh Tracey, ankaimba ndi kuulutsa mawu pamenepo. Kwa nthawi yoyamba, munthu wa ku mgodi ankatha kupereka moni kwa amake dziko lonse likumva.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, oimba achinyamata anatenga magitala amagetsi. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo nyimbo zotchedwa Zamrock zinaphuka ndi magulu ngati WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene ankaimba za moyo wa m'komboni m'Chinyanja cha m'tauni. Koma nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo zaka makumi awiri zotsatira zinali zowawa. Edzi inatenga anthu a misinkhu yobereka ndi yogwira ntchito. Kaunda mwiniwake analengeza mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, oimba ambiri a m'badwo wake anatsatira, ndipo fakitale ya Teal ku Ndola inasiya kudinda marekodi. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, makampani a boma anagulitsidwa ndipo amuna zikwizikwi anachotsedwa ntchito.

Apa ndi pamene mwambo wa kuchikazi unaonetsa mbali yake yopweteka. Kumudzi, mwamuna akamwalira katundu wake wochepa ankapita kwa abale ake, koma mkazi ndi ana anali kale pa nthaka yawo, pakati pa mbumba yawo. M'tauni zinali zina. Nyumba, mipando, bedi ndi mapoto zinali za banja la awiri, ndipo achibale a mwamuna akabwera kudzatenga zonse m'dzina la mwambo, mkazi wamasiye ankatsala ndi ana pabwalo. Kulanda katundu kumeneku kunachitika m'mitundu yambiri, ndipo kunakula mpaka nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Intestate Succession Act mu 1989: ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena odalira womwalirayo 10. Lamulo linalembedwa bwino, koma pamaliro ambiri silinkafika.

Ana obadwa m'zaka zimenezo analeredwa ndi amayi ogulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Soweto, ogulitsa zovala za salaula, ophika zitumbuwa, okwera malole usiku kukagula nthochi ndi mtedza ku Nyimba ndi ku Petauke. Ena anatumizidwa kumudzi kwa agogo aakazi, monga mwambo unkanenera. Umenewu ndiwo m'badwo umene unalandira hip hop.

Hip hop inafika pa makaseti ndi pa wailesi zatsopano za FM. Mwa nyimbo zonse za nthawiyo, imene inaonetsa kuti woimba rap angalankhule ndi amake inali Dear Mama ya Tupac Shakur, yotuluka mu 1995 iye ali m'ndende. Amake, Afeni Shakur, anali m'gulu la Black Panther Party, ndipo anakhala m'ndende ali ndi pakati pa iyeyo asanapezeke osalakwa mu 1971, patatsala mwezi umodzi kuti abadwe. Nyimboyo sinabise kanthu. Inatchula umphawi, bambo wosaoneka, mikangano ya mwana ndi amake, ngakhale vuto la mankhwala osokoneza bongo limene mayiyo analimbana nalo, ndipo pamwamba pa zonsezo inathokoza. Mu 2010 Library of Congress inaiika m'kaundula wa nyimbo zoyenera kusungidwa m'dziko la America. Afrika inali nayo kale nyimbo yaikulu yotamanda mayi, Sweet Mother ya Prince Nico Mbarga ya mu 1976, imene imavinidwabe pa maukwati. Koma mayi wa m'nyimbo ya Mbarga ndi wa aliyense. Wa Tupac anali munthu mmodzi, wa mbiri yake ndi zipsera zake. Kanye West anatsata njira yomweyo ndi Hey Mama mu 2005, zaka ziwiri amake Donda West asanamwalire.

Ku Zambia, rap yoyambirira inkatsanzira Chingerezi cha ku New York, ndipo sinkapita patali kunja kwa ana a m'mayadi. Zinasintha cha mu 1999, pamene kampani ya Mondo Music ya Chisha Folotiya inatulutsa oimba ngati Black Muntu ndi Daddy Zemus, oimba m'zilankhulo za mumsewu. Slapdee, mwana wa ku Lusaka, anatulutsa Asembe Isebenza mu 2006 n'kutsimikizira kuti Chinyanja chimakhala bwino pa kugunda kwa hip hop. Ku Copperbelt, Macky 2 ndi mng'ono wake Chef 187 anachita chimodzimodzi ndi Chibemba. Nyimbo itayamba kuimbidwa m'chilankhulo chimene mayi wa pamsika amamva, zinatheka kuti mwana amuimbire iye mwini amve yekha, popanda womasulira.

Chitsanzo choonekeratu cha woimba hip hop wa ku Zambia wolemekeza amake chinachokera kutali. Sampa Tembo, wodziwika kuti Sampa the Great, anabadwira ku Zambia mu 1993, anakulira ku Botswana, ndipo anatchukira ku Australia. Amanena yekha kuti anayamba kukonda rap ali mwana atamva nyimbo ya Tupac. Chimbale chake cha mu 2019, The Return, chimakamba za kufunafuna kwawo kwa munthu amene wakhala m'mayiko a eni. Nyimbo yotsegulira, Mwana, anaiimba ndi mng'ono wake Mwanje ndi amake Theresa Mutale Tembo, amene dzina lawo linalembedwa pa chimbalecho monga woimba. Chimbalecho chinapata mphoto ya Australian Music Prize, ndipo Sampa anakhala woyamba kuilandira kawiri. Zimene anachitazi zikuposa kutamanda. M'malo mofotokozera dziko za amake, anawapatsa maikolofoni.

Zaka zisanu pambuyo pake, mu October 2024, woimba rap Tyler, the Creator wa ku California anatulutsa Chromakopia, chimbale chimene chinafika pa nambala 1 ku America. Mawu a amake, Bonita Smith, amamveka kuyambira koyamba mpaka kumapeto, akulangiza, akuchenjeza, ndipo pa nyimbo ina akuvomera kuti zosankha zawo zinathandiza kuti mwanayo akule osawadziwa bambo ake. Nyimbo ya Noid pa chimbale chomwecho inamangidwa pa chidutswa cha Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family, yochokera pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka, chokhala ndi mitsempha ya Chinsenga ija, chinamveka kwa anthu mamiliyoni pakati pa malangizo a mayi kwa mwana wake.

Pali chinthu chimodzi chodetsa nkhawa m'nyimbo zambiri zotamanda amayi zimene zimatuluka masiku ano, makamaka likayandikira Tsiku la Amayi, limene ku Zambia limakumbukiridwa mu May ndipo ku Malawi ndi tchuthi cha pa 15 October. Mayi wa m'nyimbo zimenezi amangovutika. Amagona ndi njala, amapemphera, amadikira kuti mwana adzamugulire nyumba, ndipo sayankhula. Kuthokoza kwake n'koona, ndipo ana ambiri a m'zaka za m'ma 1990 ali ndi ngongole yeniyeni imeneyo. Koma mayi wa mbiri ya Ansenga sanali wachete. Anali mwini mudzi, wopeka nyimbo, wodzudzula, woseka, wosankha mfumu pamodzi ndi anzake a mbumba. Nyimbo imene imamuchotsera pakamwa imamuchepetsa ngakhale ikumutamanda. N'chifukwa chake njira ya Sampa ili pafupi ndi mwambo wa kuchigwa kuposa nyimbo zambiri zongolira.

Kwa Nyalugwe ndi madera oyandikana nawo, chigayo chalanda ntchito yambiri ya mtondo, ndipo nyimbo zake zikuchepa pamodzi ndi ntchitoyo. Atsikana amanyamula thumba la chimanga pa njinga kapena pa ngolo, n'kubwerako ndi ufa pasanathe tsiku. Palibe mayi amene angalire kubwerera ku matuza a m'manja. Kuimba kwa akazi kwasamukira ku makwaya a mpingo, ku chinamwali, ku maliro ndi ku misonkhano. Moni wa kwa amayi umene kale unkadzera ku Lusaka tsopano umaperekedwa pa wailesi za m'deralo, monga Breeze FM ya ku Chipata, kapena umabwera pa foni limodzi ndi uthenga wa ndalama za feteleza.

Zimene Blacking ndi Apthorpe anajambula mu 1961 sizinatayike. Kampani ya Folkways ya ku New York inazitulutsa pa zimbale ziwiri zotchedwa Music from Petauke of Northern Rhodesia, choyamba mu 1962 ndipo chachiwiri mu 1965. Lero zili m'manja mwa Smithsonian Folkways ku Washington, ndipo zimapezeka pa intaneti. Mawu ali mmenemo ndi a anthu a m'midzi ya boma lakale la Petauke, agogo a anthu amene ali moyo lero. Wopanga nyimbo aliyense wa ku Nyimba, ku Petauke kapena ku Chipata amene ali ndi foni angathe kuwamvera, ndipo foni yomweyo ingajambule amayi achikulire a ku Kacholola amene akukumbukirabe nyimbo zimene ankasinjira.